Tsiku Limene Ndinakana Kutsika pa Payipi

Ndikukumbukira fungo la dzimbiri m'zikhatho zanga, fungo limene silinkachoka ngakhale nditasamba ndi sopo wobiriwira uja Amayi ankachapira zovala. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo tinkakhala ku Olievenhoutbosch, kunja kwa Centurion, m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachipedi dzina lake Mme Dikeledi. Tinachoka ku Ntcheu kubwera ku Joni ine ndili wamng'ono, moti Chizulu ndi Chipedi ndinkayankhula ngati mwana wa pompo. Chinkandiulula ndi dzina. M'mawa uliwonse aphunzitsi akafika pa Tiyamike lilime lawo linkapunthwa, kalasi n'kuseka, aliyense n'kukumbukiranso kuti ndine wa kwina.

Abambo ankalima maluwa ndi kumeta kapinga m'mayadi a ku Centurion. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina ku Capital Park, ndipo ankabwerako dzuwa litapendeka, mapazi atatupa, manja akununkha mankhwala okolopera. Onse awiri anali anthu oyenda chozemba, opereka moni kaye, osakweza mawu pa renki ya matakisi kuopa kuti wina angamve Chichewa. Ine ndinabadwa ndi mtima wina, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti ndinatengera ndani.

Kuseri kwa makalasi a sukulu yathu kunali chitsulo chopingasa, chotsalira cha makatungwe amene unyolo wake unabedwa kalekale. Pansi pake panali pokumbika, fumbi lofiira lokhalokha. Nthawi yopuma anyamata akuluakulu ankasonkhana pamenepo, kuvula majuzi, kulumpha n'kugwira chitsulocho, kenako kudzikoka mpaka chibwano chitadutsa pamwamba. Mfumu yawo anali Tebogo, mnyamata wamtali amene anabwereza kalasi kangapo, wa mapewa ngati munthu wamkulu. Iye akamakwera thupi lake linkangonyamuka lokha, miyendo ili chilili, ngati pali wina kumwamba amene akumukoka ndi chingwe. Atsikana anzanga ankadumpha chingwe patali. Ine ndinkaima chapakati, ndikudya buledi wanga, maso ali pa chitsulo.

Tsiku lina ndinapeza pamalopo palibe munthu. Ndinaika chikwama pansi, n'kulumpha. Chitsulo chinali chofunda ndi dzuwa, chokakala. Ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse, mano ali gwa, koma sindinasunthe ngakhale pang'ono. Ndinangolendewera ngati chovala chonyowa. Ndili choncho ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Hayi wena, kwerekwere! Wakuuza ndani kuti ukwere apa?"

Tebogo anandigwira kakolo n'kukoka. Ndinagwa chagada m'fumbi muja, chigongono n'kusupuka. Anaseka anyamata, anasekanso atsikana amene ndinkagawana nawo buledi. Mawu aja, otukwanira ife obwera, sanandipweteke kwambiri, popeza ndinali nditawamva kambirimbiri ku mpope ndi ku shopu. Chimene chinandiwawa n'chakuti anandipeza ndikulephera. Ndikanakhala kuti ndinakwera ngakhale kamodzi kokha, bwenzi atangokhala mnyamata wankhanza. Koma mmene zinalili, zinkaoneka ngati wanena zoona.

Madzulo ake, Amayi akusenda anyezi pafupi ndi sitovu ya parafini, ndinanena kuti ndikufuna chitsulo changa chodzikokera pakhomo pompo. Amayi sanadzutse n'komwe mutu. Anati ife pamalo pano tikukhala mwa chifundo cha eni ake, ndiye si bwino kuchita zinthu zoti anthu azisuzumira pampanda. Anatinso ndikadzathyoka mkono, ku kiliniki akayamba ndi kufunsa mapepala asanaone mkonowo, ndipo iwo alibe mphamvu zokaima pamzere tsiku lonse chifukwa cha masewera. Abambo anali pakhomo, akunola sizasi yawo yometera mpanda. Ndinaona kuti dzanja lawo linaima pang'ono lisanapitirize.

Poti anandikaniza, ndinaganiza zodzipangira ndekha. Mawa lake nditaweruka ndinakhoma misomali iwiri ikuluikulu m'matabwa a khomo lathu, n'kupingasapo mpini wa tsache limene ndinalipeza litatsamira pakhoma. Ndinapukuta manja pa siketi monga ankachitira anyamata aja, n'kudzipachika. Mpiniwo unalira kamodzi kokha, thyo! Ndinagwera m'beseni momwe Amayi ananyika bulauzi yawo yoyera ya ku chigwirizano, madzi a sopo n'kumwazikira pa matiresi. Choipa kwambiri n'chakuti tsachelo silinali lathu, linali la Mme Dikeledi. Mpaka Abambo atapeza mpini wina, chilango changa chinali kusesa yadi yonse m'mawa uliwonse ndi kachidutswa kotsalako, nditawerama ngati nkhalamba, Mme Dikeledi ataima pakhonde ndi kapu ya tiyi, akundilozera pomwe ndasiya.

Abambo ndi amene anazula misomali ija. Anaiwongola ndi hamala, popeza sankataya msomali, kenako anandiyang'ana.

"Ngati watsimikiza kupachikika," anatero motsitsa mawu kuti Amayi asamve, "upachikike pa chinthu choti chikunyamula. Loweruka uvale nsapato, tikupita ku tawuni."

Ku tawuni ya Pretoria ndinali nditapitako kangapo kokha, ndipo nthawi zonse kunkandizunguza mutu. Mahutala a matakisi, utsi wa nyama yowotcha ndi chimanga, anyamata oitanira okwera, amayi ogulitsa mapeyala pa makatoni, nkhunda zikuyenda pakati pa miyendo ya anthu. Abambo anandigwira dzanja mpaka tinalowa m'shopu ina ya zamasewera, momwe munkanunkha labala watsopano. Mmenemo ndinachiona chinthu chimene mtima wanga unkafuna: chitsulo chonyezimira ngati galasi, chokhala ndi zogwirira zofewa zakuda, chili m'katoni yojambulidwa mzungu wa minofu akumwetulira. Wogulitsa anafotokoza kuti umangochipotokola, icho n'kutalika mpaka kukanirira m'mbali ziwiri za khomo, popanda msomali. Panalinso china chokolowekera pamwamba pa chitseko, chokhala ndi nyanga ngati ng'ombe.

Abambo anapempha kuti atulutse choyambacho m'katoni. Anachitembenuza, kuchipotokola, kuchigogoda ndi chala n'kumvetsera. Kenako anachibweza mwaulemu. Tili panja anandifunsa kuti khomo lathu ndi la chiyani. Ndinayankha kuti ndi la matabwa opepuka a mapaleti, aja osanjikapo katundu. Anati zitsulo zija anazipangira nyumba za njerwa, zokhala ndi mafelemu olimba, ndipo ndikakanikiza chotero pakhomo pathu, tsiku loyamba lomwelo nyumba yonse idzatsika nane limodzi, malata, wailesi ndi Amayi omwe. Ndinadziwa kuti akunena zoona, koma ndinatupa masaya ndithu. Ndinayenda kumbuyo kwawo ndikukoka mapazi, ndikuganizira zogwirira zofewa zija.

Pafupi ndi renki, m'kanjira ka pakati pa nyumba ziwiri zitalizitali, munkakhala bambo wina wa ku Mangochi, Che Jafali, amene ankagulitsa zitsulo zakale: mipope, maloko, mahinjesi, ndi mapayipi ochotsedwa m'nyumba zogumulidwa. Anali wochepa thupi, wa kachipewa koyera ndi ndevu zosongoka. Iye ndi Abambo anapatsana moni wautali, kufunsana za kumudzi, za mvula, za amene wapita kwawo posachedwa. Abambo atafotokoza chimene tabwerera, ndinayembekeza funso lija aliyense ankafunsa, loti mwana wamkazi akufuniranji zimenezi. Che Jafali sanafunse. Anangoti, "Tabwera nalo dzanja, mama," n'kuyamba kusolola mapayipi pamulu.

Sindinkadziwa kuti kusankha payipi ndi ntchito. Yoyamba inali yonenepa, ya omanga nyumba zosanja, ndipo zala zanga sizinathe kuizungulira. Abambo anati imeneyo ndidzatopa m'zala mikono isanagwire ntchito. Yachiwiri inali yowonda, yopitamo mawaya a magetsi. Abambo anaika mbali imodzi pa njerwa n'kupondapo, iyo n'kupindika ngati bango. Ina inali yopakidwa penti wobiriwira, yokongola, koma Che Jafali anandiuza kuti ndinyowetse dzanja ndi malovu ndiyese kugwira, ndipo dzanja linangotsetsereka. Ina inali itadyeka ndi dzimbiri moti inkasiya timinga m'khungu. Pomaliza anatulutsa payipi ya madzi yotuwa, yolemera, yokakala pang'ono, yokhala ndi madontho a dzimbiri apa ndi apo. Nditaigwira, chala chachikulu chinangokhudzana ndi chinzake. Inakhala m'dzanja mwanga ngati inkandidikira.

Che Jafali anati chinthu sichigulidwa chosayesa. Iye ndi Abambo anasenza payipiyo pamapewa, wina uku wina uku, n'kundiuza kuti ndipinde maondo ndilendewere. Ndiye ndinalendewera pakati pa tawuni ya Pretoria, Loweruka masana, pakati pa amuna awiri achikulire amene nkhope zawo zinali zosaseka ngati anyamula bokosi la maliro. Anthu odutsa anaima. Mayi wina wogulitsa nthochi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Payipi sinapindike. Che Jafali anadula ndi sowo, n'kusiya yaitali kuposa mmene Abambo ananenera, ati chifukwa mapewa a mwana amakula.

Kubwerera nayo kunali nkhani ina. Dalaivala wa takisi anakana, ati iyi si lole. Abambo anachonderera m'Chizulu chawo chothyokathyoka mpaka analola kuti tiigoneke pansi, kuchokera kukhomo mpaka ku mpando wakumbuyo. Ulendo wonse wa ku Olieven okwera onse anaipondera kuti isagubuduke, ndipo takisi ikagwera m'dzenje inkalira, aliyense n'kutembenuka kutiyang'ana. Abambo ankayang'ana pawindo ngati payipiyo sakuidziwa.

Kwa Mme Dikeledi Abambo anapita atavula chipewa, n'kupempha malo oti azikepo mitengo iwiri yoyanikira zovala. Sindinganene kuti ananama, chifukwa pa payipi ungathe kuyanikapo zovala. Mitengoyo inali ya bulugamu, yochokera pa mpanda wina umene abwana awo anagwetsa, ndipo simenti inali yotsalira pa ntchito yomweyo. Anakumba maenje akuya mpaka m'chiuno mwanga, kuboola mitengo, kulowetsa payipi, n'kuikhoma kuti isamazungulire. Kutalika kwake anayeza ndi ine: ndinaima chonyang'ama, manja m'mwamba, iwo n'kuika chizindikiro pamwamba pang'ono pa nsonga za zala zanga. Anandiletsa kuikhudza mpaka simenti itauma. Masiku amenewo ndinkangoizungulira ngati galu wodikira fupa. Amayi anaiona, n'kuyang'ana Abambo, n'kulowa m'nyumba. Sabata imeneyo tiyi wa Abambo ankakhala wopanda shuga.

Inali nyengo yozizira, kuzizira kwa ku Joni kumene kumang'amba milomo. M'mawa payipi inkaluma m'manja ngati madzi oundana, masana inkafunda, ndipo ndikaweruka ndinkathamangira pomwepo ndisanavule yunifomu. Ndinkaganiza kuti ndikangokhala ndi chitsulo changa ndiyamba kukwera. Sizinatero. Sabata zinadutsa ndikungolendewera. M'zikhatho munatuluka matuza, anaphulika, n'kutulukanso ena. Cholembera chinkandivuta kugwira m'kalasi. Kenako ndinatulukira njira: ndinkaima pa kreti ya mabotolo, kulumpha kuti chibwano chifike pamwamba, n'kumatsika pang'onopang'ono, mikono ikunjenjemera, mpaka itawongoka. Ndinkabwereza mpaka utsi wa malasha wa madzulo utaphimba malo onse, Amayi n'kundiitana kuti ndikatunge madzi.

Zimene Amayi ankaopa zinachitikadi. Ana a m'makomo oyandikana anayamba kusuzumira pampanda, ena kuseka, ena kupempha kuti ayeseko. Mme Dikeledi nayenso anali ndi maso, ndipo anaona kuti pa choyanikira chija chovala chokhacho chimene chimapachikidwapo ndi ine. Anayamba ndi kung'ung'udza. Kenako tsiku lina, ife kulibe, anyamata ena analumpha mpanda kudzasewera pa payipi, ndipo pothawa anapondaponda dimba lake la sipinachi limene ankalisamala ngati mwana. Madzulo amenewo anabwera pakhomo pathu, masamba othyoka ali m'manja. Sanakalipe, ndipo n'chimene chinatiopsa. Anati tinamunamiza m'yadi yake yomwe, ndipo sabata imeneyo isanathe chichoke chitsulocho, apo ayi tichoke ife.

Aliyense amene anakhalapo m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya munthu akudziwa kulemera kwa mawu otero. Chipinda sichinkapezeka msanga, makamaka kwa anthu oyankhula ngati Abambo. Pa Mme Dikeledi panali mpope m'yadi momwemo, panali geti lokhoma, ndipo iye, ngakhale anali wolusa, sankalola munthu kutitukwana pakhomo pake. Abambo anapepesa, n'kupepesanso. Usiku umenewo palibe anandikalipira. Ndikanakonda akanandikalipira.

Loweruka masana, Amayi asanabwere ku ntchito, Abambo anatulutsa piki. Ankayenda pang'onopang'ono, osandiyang'ana. Mme Dikeledi anakhala pa sitepe ya khomo lake lakuseri, manja atapinda pachifuwa. Abambo atalavulira m'manja n'kukweza piki, miyendo yanga inaganiza yokha. Ndinathamanga, kulumpha, n'kugwira payipi.

"Tsika, Tiya."

"Sinditsika, Abambo."

Chibadwire ndinali ndisanawayankhepo choncho. Mawuwo atatuluka ndinachita mantha ine ndemwe, koma manja sanamasuke. Abambo anatsitsa piki. Sakanatha kukumba mtengo mwana wawo ali lendee pamwamba pake, ndipo sanali munthu wokoka mwana mwendo. Anandiuza kachiwiri, mofatsa, kuti ndisawachititse manyazi pamaso pa eni nyumba. Ndinatseka maso. Mme Dikeledi anati andisiye, nditopa ndekha, mikono si chingwe.

Ankanena zoona. Posakhalitsa mapewa anayamba kuyaka moto. Thuza lina linaphulika, ndipo ndinamva madzi ake akutsikira m'mkono. Zala zinayamba kutseguka chimodzichimodzi popanda chilolezo changa. Ndinadziwa kuti ndikangogwa basi zatha, piki ilowa pansi, ndipo Lolemba ndikadutsa kuseri kwa makalasi ndili munthu yemwe uja anagwa chagada m'fumbi. Kutsika sindinkafuna, kulendewera sindikanathanso. Njira yotsala inali ya kumwamba.

Ndinakoka. Sikunali kukwera kokongola ngati kwa Tebogo. Ndinapalasa miyendo m'malere ngati chule, ndinalira mawu amene sindinawamvepo pakamwa panga, nsapato imodzi n'kuvuka. Koma payipi inatsika kufika pamphumi, kenako pamphuno, kenako ndinaponya chigongono pamwamba pake, chinacho n'kutsatira. Ndinakoloweka mwendo, kudzigudubuza, mpaka ndinapezeka nditakhala pamwamba, nditakumbatira nsonga ya mtengo wa bulugamu.

Kumwambako ndinaona zimene ndinali ndisanazionepo ndili pakhomo pathu. Madenga a malata otsindiridwa ndi miyala ndi matayala, mpaka kutali. Mbuzi ya munthu wina itamangidwa kuseri kwa chimbudzi. Msewu waukulu ukunyezimira ndi magalimoto opita ku Centurion. Ndipo m'kanjira kochokera ku renki, Amayi akubwera, jumbo ya kabichi ili m'manja. Apa mpamene ndinazindikira kuti vuto langa lenileni likubwera wapansi.

Amayi analowa pageti n'kuima. Anayang'ana piki, anayang'ana Abambo, anayang'ana Mme Dikeledi, kenako anakweza maso kwa ine. Anafunsa kuti wandikweza ndani. Abambo anayankha kuti palibe, ndakwera ndekha. Amayi anaika jumbo pansi, n'kumangitsa chitenje chawo m'chiuno. Ndinayamba kuwerengera kuti ndikalumphira mbali ya mpanda mwina ndingathawe.

Koma sanabwere kwa ine. Anapita kwa Mme Dikeledi, n'kuima patsogolo pake. Chizulu cha Amayi chinali choipa kuposa cha Abambo, chosakaniza ndi Chichewa ndi Chingerezi cha ku ntchito, koma tsiku limenelo aliyense anamva. Anati za sipinachi tikupepesa, ndipo mwanayu adzala wina ndi manja ake n'kumathirira mpaka adzakule. Anati za bodza la choyanikira amuna awo analakwa, ndipo kuyambira lero mabulangete onse a m'yadi muno aziyanikidwa pomwepo. Kenako mawu awo anakwera, mawu amene sindinawamvepo kunja kwa chipinda chathu.

"Koma ine, Mme, sabata yonse ndimakhala chogwada m'nyumba ya anthu. Akandiuza kuti chotsa ichi, ndimachotsa. Mwanayu wapeza chinthu chimodzi chokha chomuimika mutu. Mukati tichoke, tichoka. Koma payipiyi tinyamula."

Ine pamwamba paja ndinkadziwa kuti tilibe kopita, ndipo Amayi ankadziwa bwino kuposa ine. Mme Dikeledi anayang'ana Amayi. Iyenso pa utsikana wake anagwirapo ntchito m'makhitchini a anthu, zimene ndinadzazimva pambuyo pake. Anatsonya, n'kuimirira, n'kulowa m'nyumba. Tinadikira. Atatuluka anali atanyamula bulangete lonyowa, lolemera, ndipo analiponya pa payipi pambali panga mwamphamvu moti madzi anandithovukira kumaso. Anati likauma ndilipinde bwino, ndipo akadzangoona mnyamata mmodzi walumpha mpanda wake, adzazula mitengoyo ndi mano. Nkhani inathera pomwepo.

Amayi anatola jumbo yawo. Podutsa pansi panga ananena osakweza mutu kuti nditsike tsopano, ndipo ndisaganize kuti aiwala mmene ndayankhira bambo anga. Sanaiwaledi. Khutu langa lamanzere linatentha mpaka Lamulungu, ndipo sipinachi ndinathirira mpaka mvula itayamba.

Kukwera kwenikweni, kopanda kupalasa miyendo, kunabwera patapita sabata zina, m'mawa wina ndili ndekha, popanda woonerera kupatula nkhuku ya oyandikana nawo. Ndinadikira mpaka nditazolowera. Mitengo ya jakaranda itayamba kuchita maluwa, ndinapita kuseri kwa makalasi nthawi yopuma, n'kukaima pamzere kumbuyo kwa anyamata. Anaganiza kuti ndikuchita nthabwala. Nthawi yanga itakwana Tebogo anatambasula dzanja kuti andigwire, koma ndinali nditalumpha kale. Chibwano chinadutsa. Ndinatsika, n'kukweranso, n'kukweranso, mpaka mikono itakana. Palibe anaombera m'manja. Tebogo anati ndimagwedeza miyendo, siziwerengedwa. Ndinatola chikwama changa. Mawa lake ndinakaimanso pamzere womwewo, ndi mkuja womwe, ndipo sanandikhudzenso. Chaka chisanathe atsikana awiri anayamba kuima kumbuyo kwanga.

Masiku ano zinthu zinasintha moti ndikamafotokoza izi ana amaona ngati ndikupeka. M'mapaki ambiri a ku Pretoria muli zitsulo zopakidwa utoto wowala zoti aliyense adzikokere, ndipo m'mawa mumapeza amayi a msinkhu wanga atavala zothina, palibe wowatembenukira. Ukafuna chako umasankha pa foni, pali cha pakhomo, cha pakhoma, choima chokha, n'kudzakusiyira pageti. Abambo anatisiya, Amayi anabwerera ku Ntcheu, ndipo ine ndimakhala ku Capital Park, m'nyumba ya njerwa, misewu ingapo kuchokera pomwe Amayi ankakolopa. Mwana wanga wamkazi, Tadala, atapempha chitsulo chake, sitinakangane ndi munthu. Tinasankha cha pakhoma, ndinaboola ndekha, n'kumanga mabawuti pakhonde lakuseri.

Koma si zonse zinasintha. Mwezi wathawu kunabwera ankolo ake a Tadala a kuchimuna, ongofika kumene kuchokera kumudzi. Anatuluka pakhonde ndi kapu ya tiyi n'kupeza Tadala atakoloweka maondo pa chitsulo, mutu uli pansi, tsitsi likulendewera. Anaima, n'kupukusa mutu, n'kundifunsa mokweza ngati mwana wamkazi wolimba mapewa chonchi adzapeze banja. Ndinamva magazi akukwera, ndipo ndinayamba kukonza yankho, lalitali ndithu. Tadala anandipitirira. Ali chozondoka choncho, anawayang'ana ankolo akewo kuchokera ku nsapato kupita kumutu.

"Ankolo," anatero mwaulemu wonse, "tasunthani pang'ono. Ndikufuna kutembenuka, ndingakumenyeni ndi mwendo."

Anasuntha.